Kompyuta Yofunafuna Sikelo Yakale

Anandichotsa m'munda wa tiyi mvula itangoyamba, n'kundipatsa mpando mu ofesi ya divishoni yathu, chigawo chathu cha esiteti. Chifukwa chake chinali chimodzi: nditamaliza sekondale ndinaphunzirako kompyuta miyezi iwiri pa Goliati. Ntchito yanga inali kulemba kuchuluka kwa mvula, minda imene yapoperedwa mankhwala, ndi makalata otulutsira thirakitala pageti. Tsiku loyamba malaya ndinawasita kawiri.

Koma kompyutayo inali yodwala. Ndikaiyatsa m'mawa, ketulo inkawira, tiyi n'kumwedwa, iyo isanadzuke. Fani yake inkalira ngati chigayo. Panalinso kabokosi kamene kankatulukira pakati pa sikirini, kudandaula m'Chingerezi kuti chipangizo china sichikupezeka. Kakatuluka, zonse zinkauma gwa.

Akalaliki aakulu, bambo amene analowa mu ofesimo ine ndisanabadwe, ankandiyang'anira pamwamba pa magalasi awo.

"Achimwene, makinawa kale ankathamanga. Mwabwera ndi manja a kumunda eti?"

Ndinkangoseka n'kuyang'ana pansi. Lolemba lina bwana manejala anaima kumbuyo kwanga kudikira kalata imodzi yokha, dalaivala akuliza hutala panja. Atatopa ananena kuti Lachisanu makinawo apita ku Blantyre, ndipo za tsiku lobwerera sakudziwa.

"Mnyamatayu ayambe wabwerera kwa kapitawo wake," anatero akutuluka.

Ndinatenga kope langa. Ntchito yolemba mvula inali itandiphunzitsa kuti chinthu ukachilemba pa nthawi yake chimayamba kudziulula. Ndiye kabokosi kakatuluka, ndinkayang'ana wotchi ya pakhoma n'kulemba. Pofika Lachitatu masana ndinaona kuti nthawi zake sizikusintha: teni koloko, wani koloko, folo koloko. Munthu aliyense amene anasenzapo dengu la tiyi amazidziwa nthawi zimenezi. Ndi nthawi zokayezetsa masamba kusikelo!

Ndinafunsa akalaliki ngati kompyutayo inagwirapo ntchito ndi sikelo.

"Inde, kalekale. Inali sikelo yamagetsi, ya chingwe chofika pano. Inapsa ndi mphenzi. Pulogalamu yake ndinaichotsa ndekha."

"Munachotsa bwanji, bambo? Ndiphunzireko."

Anagwira mausi monyadira, nandionetsa mmene amakokera kachithunzi ka pasikirini n'kukaponya m'bini. Apo ndinakumbukira aphunzitsi athu a pa Goliati, amene ankati kachithunzi ndi chikwangwani chabe, ndipo kuzula chikwangwani si kugwetsa sitolo.

Iwo atapita kukadya, ndinatsegula mndandanda wa mapulogalamu amene amadzuka limodzi ndi kompyuta. Ndinatsala pang'ono kukuwa. Pulogalamu ya sikelo inali pomwepo, yamoyo, ikufunafunabe sikelo imene inatayidwa kale. Pansi pake panali ya pulinta ina yosaonekanso mu ofesimo. Kenako mapulogalamu atatu otsuka kompyuta. Kalaliki aliyense amene anadutsa pampandowo ankaika wake kuti achize kuchedwako, zikakanika n'kuponya kachithunzi m'bini. Onse atatu ankadzuka pamodzi m'mawa, aliyense kufufuza mnzake ngati wakuba.

Koma sindinakhudze kalikonse. Kwathu kuno wamng'ono sadula ngakhale nthambi m'munda kapitawo asanalamule. Komanso ndikanawauza bwanji akuluakulu kuti chimene anati anachotsa chija sichinachoke? Ndinayeserera mawu njira yonse yobwerera kunyumba, ndikulankhula ndekha m'kanjira ka pakati pa tiyi.

Lachinayi m'mawa ndinaima pafupi ndi tebulo lawo, manja kumbuyo.

"Bambo, ndithandizeni. Zija munadula zija zikuoneka kuti zinasiya zitsa. Ine ndekha ndikuopa kuzula."

Anavula magalasi. "Zitsa?"

Ndinawaonetsa kope, kenako mndandanda uja. Anawerenga nthawi zitatuzo mokweza, kenako anaseka mpaka kutsokomola.

"Ndiye zaka zonsezi chakhala chikuitana anthu kusikelo? Chakhama kuposa kapitawo! Koma tamvera iwe, ukafafaniza mvula yanga ya zaka zonsezi, ndikupachika pageti."

Choncho tinayamba ndi kukopera mafayilo onse pa fulashi, kachipangizo kosungira zinthu za pakompyuta, ine n'kuwatsegula limodzilimodzi kuti aone ndi maso awo. Kenako tinalowa pamalo enieni ochotsera mapulogalamu. Ine ndinkaloza, iwo ankadina. Ya sikelo inachoka mosavuta. Wotsuka wachiwiri anatifunsa katatu konse ngati tatsimikizadi.

"Ameneyu ndi mlamu wanga weniweni," anatero akalaliki. "Kutsanzika kutsanzika, koma osanyamuka."

Wachitatu anakana, nati mbali ina ya iye ikugwirabe ntchito. Ndinamuletsa kaye kudzuka ndi kompyuta, tinazimitsa, tinayatsanso, ndipo ulendo uno anachoka. Titayatsa komaliza, akalaliki anatembenuka kuti athire shuga m'kapu. Asanatakase n'komwe, sikirini inali itayera kale, fani ili zii.

Sindinakhulupirirebe. Teni koloko wezulo ya kapitawo inalira kumunda, ine maso pasikirini. Kabokosi sikanabwere. Wani koloko sindinapite kukadya. Folo koloko itadutsa ndinatuluka, ndinazungulira kuseri kwa ofesi kumene kulibe windo, n'kudumpha katatu ngati mwana wa mbuzi.

Lachisanu bwana manejala anabwera ndi dalaivala atanyamula katoni. Akalaliki anawapempha kuti ayambe atchula kalata iliyonse imene akufuna. Anatchula, ndinalemba, pulinta n'kulavula pepala iwo asanakhale pansi.

"Wakonza ndani?"

"Takonza, bwana," anayankha akalaliki. Anandiyang'ana, nawonjezera kuti, "Maso ndi a mnyamata wangayu. Ine ndinangobwereketsa chala."

Bwana anauza dalaivala kuti abweze katoni kugalimoto. Ali pakhomo anacheuka, nati kompyuta ya kudivishoni ya kumtunda nayonso imagona chimodzimodzi, ndiye Lolemba ndidzakwere thirakitala ya m'mawa ndikaione, koma teni isanakwane ndikhale nditabwerera pampando wanga.

"Chabwino, bwana," ndinatero, mawu akutuluka mokweza kuposa mmene ndinkafunira.