Chitsulo Sichilowa mu Linga

Pamwamba pa phiri la kwawo kwa mkazi wanga, njira ya ku Malowera, pali linga la miyala. Ku sikola ku Fingoe anatisonyeza chithunzi cha linga la Apwitikizi lokhala pathanthwe, nyanja ikuwomba pansi pake. Lathuli nyanja palibe, anyani basi. Akulu amati analimanga ndi makolo pothawa Angoni. Kenako mzungu wa msonkho anagonekamo asipayi ake, apolisi achikuda aja, atropa, asilikali a Apwitikizi, nawo anadzaikamo wailesi. Ufulu utabwera onse anachoka, anthu nkuyambanso kuthiramo nsembe za mvula. Lamulo lakale linabwerera: chitsulo sichilowa.

Nkhondo ya pachiweniweni itatiyandikira, midzi ikuotchedwa, nkhawa yathu inali mbewu ya chimanga. Ikapsa, tibzala chiyani? Ine ndinali ndi tambolo, mgolo wachitsulo wotseka bwino. Ndinati tithiremo mbewu tikabise kulinga.

Apongozi anga aakazi anakana. Ukamwini kuipa kwake ndi kumeneku: sungakangane nawo maso ndi maso. Ndinakhala kuseri kwa nkhokwe, iwo pakhonde, mkazi wanga pakati.

"Uwauze kuti atropa analowetsamo mfuti, mvula sinaleke!" ndinatero.

"Ndamva ndekha, akufuula ngati ali kutsidya la mtsinje," anayankha apongozi. "Uwauze bambowo kuti atropa sanakwatire pakhomo pano."

Ndinamenya nkhokwe chibakera mpaka khungu kusupuka. Sizinathandize. Mbewu inalowa m'mitsuko itatu yomata ndi ndowe. Patsinde pa phiri anandivulitsa ngakhale lamba, ati ali ndi kachitsulo. Ndinakwera mtsuko paphewa, dzanja lina litagwira buluku, akazi akuseka kumbuyo. Wangawo sindinauike bwinobwino ngati anzanga. Ndinangoukankhira mumng'alu wa khoma ndi mkwiyo, nkutsika.

Anthu a mfuti atafika tinathawira kutchire. Pobwerera tinapeza nyumba zili phulusa, tambolo langa atatenga. Kulinga sanakwereko. Anakwera ndi anyani, ndipo anaswa mitsuko iwiri, chimanga nkudya chonse. Wa mumng'alu uja analephera kuutulutsa. Inenso unandivuta, ndinachita kuuswa kukamwa nkumakapa mbewu ndi manja.

Mbewuyo inali yongokwana theka la munda. Madzulo ake ndinaima pamene panali nkhokwe, nditafulatira apongozi.

"Uwauze kuti tambolo anyani sakanaliswa."

"Uwauze atenge khasu," anatero apongozi, "mvula yayandikira."

Ndinatenga khasu. Koma za tambolo ndinanena zoona.