Tsiku limene achemwali anapita kuchipatala ali mbuu

Lachitatu lapitali ndinasowa mandasi, ndipo chaka chino sindinasangalalepo chonchi.

Ndinatsika minibasi pa Chinamwali m'mawa kuti ndigule a tiyi kwa achemwali anga, a Esinati, amene amagulitsa pafupi ndi siteji ya akabaza. Ndinapeza mzere. Patsogolo panga panali anyamata awiri a kukoleji ya ku Chirunga, zikwama kumsana, ndi bambo wina wa kabaza amene anayedzamiritsa njinga yake pamtengo. Pofika ine, m'ndowa munangotsala tinyenyeswa.

"Mwachedwa, achimwene," anatero a Esinati akupukuta manja. "Pa bizinesi palibe chibale. Mawa mudzalawire."

Ndinaseka mpaka anthu kutembenuka. Munthu wamkulu, waimvi, kusekerera ndowa yopanda kanthu! Sindikuwadzudzula. Iwo sakudziwa kuti miyezi ingapo yapitayo ndowa yomweyo inkabwerera kunyumba yodzaza, ana n'kumadya mandasi ozizira m'mawa ndi madzulo mpaka kudana nawo. Alamu anga anatisiya kalekale. Bambo wa pakhomo paja ndi ndowa imeneyi, ndipo inatsala pang'ono kufa nayonso.

Chinayambitsa zonse ndi dzanja.

Dzanja lamanja la a Esinati linayamba kuyabwa. Chikhatho chinauma n'kumasendeka, kenaka kuseri kwa dzanja kunatuluka kabala kozungulira kamene kankakula pang'onopang'ono. Kwa ine wolemba nkhani, zimenezo n'zazing'ono. Koma wogulitsa chakudya, chikwangwani chake ndi dzanja. Kasitomala amayamba wayang'ana dzanja, mandasi pambuyo.

Inu mukudziwa kuti ku Zomba kuno aliyense ndi dokotala wa khungu. Ingokandani pakhosi m'minibasi, musanafike pa depoti mwapatsidwa kale mankhwala. Wina anawauza achemwali kuti apakepo utomoni wa papaya wosapsa. Wina anati mankhwala otsukira mano. Makaniko wina, ndi nkhope yosaseka, anati palibe choposa mafuta a buleki. Munthu ali moyo, osati galimoto!

Chimene chinawakopa ndi kachubu ka mankhwala opaka ka mumsika. Wogulitsa anati kamenako kamapha zonse: zipere, ziphuphu, mphere, mwina ndi ngongole zomwe. Ndipo ndinene zoona, poyamba kanaoneka ngati kagwira. Kuyabwa kunati zii. A Esinati anakatamanda kwa aliyense. Koma akangosiya kudzola, matenda ankabwerera limodzi ndi abale ake. Anagula kachiwiri, kenaka ka mtundu wina. Dzanja linayamba kuyera kuposa linzake, khungu kupyapyala, bala kufalikira mpaka pamkono, losaonekanso poyambira kapena pothera.

Kenaka manong'onong'o. Ena ankati ndi khate. Ena ankangoti "matenda aja," n'kuyang'ana pansi. Enanso ankaloza mayi wa mandasi wa tsidya la msewu, munthu wosalakwa, kuti wawachita chipongwe. Kutchalitchi, nthawi yopatsana moni, achemwali anayamba kupereka mkono ngati munthu amene wagwira nsomba. Chinandipweteka kwambiri n'chakuti anthu ankaulandira mkonowo mosangalala.

Nditamva kuti m'tauni muno muli achipatala oona za khungu, amenenso akuchita kafukufuku wa matenda otere, ndinawanyengerera mpaka anavomera kuti tipite.

Tsikulo anakonzeka ngati akupita ku chinkhoswe. Anasamba madzi otentha, dzanja lija n'kulikwecha ndi mwala mpaka timamba tonse kuchoka. Anapakapo kachubu kaja, pamwamba pake gilisalini. Chitenje chatsopano, duku lake lomwelo. Titakhala pabenchi la kuchipatala, dzanjalo linkanyezimira kuposa nsapato zanga.

Adokotala anali mayi wachitsikana, wolankhula mofatsa. Analigwira dzanjalo osanyansidwa, kulitembenuza uku ndi uku, n'kupita nalo pawindo.

"Mayi, mwadzola chiyani?"

"Mafuta basi, adokotala. Ndikanabwera bwanji pamaso panu ndili mbuu?"

Adokotala anamwetulira. Anafotokoza kuti matenda ambiri a pakhungu amafanana, ndiye kuti adziwe chenicheni amafunika kupala timamba pang'ono n'kukatiyang'ana pa makina okulitsa zinthu. "Koma inu mwapala kale nokha ndi mwala," anatero, "zotsalazo mwazimata ndi mafuta. Lero ndikangoona gilisalini." Atamva za kachubu kaja anapukusa mutu. Anati mafuta ambiri otere amagoneka kuyabwa, koma kachilomboko amakasiya kakukula mosaonekera, ndipo matenda amasintha nkhope mpaka dokotala yemwe kusokonezeka.

Lamulo linali ili: asiye zodzola zonse padzanjapo kwa masabata angapo. Tsiku lobweranso asambe, inde, koma dzanjalo asalikweche, asadzolepo ngakhale kadontho. Ndipo abweretse machubu onse.

Tili panja, achemwali anaphulika.

"Mwamva, achimwene? Ine, Esinati, ndiyende m'tauni ya Zomba muno ngati ndagona paphulusa? Nyengo yozizira ino? Ndiye anthu azinena kuti chiyani?"

Musawaseke. Inuyo mukanavomera? Kuno mphepo ikamatsika m'phiri m'miyezi yozizira, ngakhale wodzola bwino amafika masana miyendo itachita mbuu. Ndipo tonse tinakula tikudziwa kuti kutuwa si nkhani ya khungu lokha. Mwana wotuwa ndi mwana wopanda womusamala. Mayi wotuwa ndiye kuti zinthu zamuvuta pakhomo. Amayi athu ankatigwira pakhomo tikuthamangira kusukulu, n'kutipaka mafuta kumaso mpaka maso kuwawa, kuti tisakawachititse manyazi. Munthu akhoza kugona ndi njala, palibe adziwe. Koma kutuluka wosadzola ndiye kuti waulula zonse.

Ndiye dokotala akuti chiyani? Akuti uulule.

Masabata amenewo anali owawa. Monga anachenjezera adokotala, atangosiya kachubu kaja matenda analusa. Dzanja linayabwa, linatuwa, linasendeka. A Esinati anasiyiratu kukazinga, poti panalibenso wogula. Tsiku lina masana anafika kwanga ndi jumbo ya machubu, anaiponya patebulo.

"Sungani kuno. Zikakhala kwanga ndidzola."

Ndinachita mantha, ndisaname. Ndinadzifunsa ngati sindinawalowetse mchemwali wanga m'mavuto oposa oyamba.

Tsiku lobwerera kuchipatala linafika. Tinaima pa siteji ya akabaza, dzanja lija lili poyera chifukwa chitenje chinkalikhula. Apo panatulukira mayi wina wa kutchalitchi kwathu, munthu wamtima wabwino ndithu. Anangoti maso padzanja, n'kutsegula kachikwama kake.

"Iii, anzathu, mwaiwala kudzola? Nayu gilisalini, pakani msanga anthu asanaone."

Botolo linali lotsegula kale. Akabaza onse maso ali pa ife. Ndinaona dzanja lamanzere la achemwali litayamba kale kunyamuka lokha. Kenaka analibweza.

"Zikomo, amayi. Lero ndikupita choncho."

Anakwera kabaza, msana chilili, dzanja lotuwalo litagwira chitsulo poonekera aliyense. Ine kumbuyo pa njinga yachiwiri ndinkafuna kuimba nyimbo. Ndaonapo anthu olimba mtima, koma ameneyu ndi wa mimba imodzi ndi ine.

Adokotala atangoliona dzanjalo anati, "Eyaa, lero ndiye mwabwera ndi matenda anu." Tsopano bala linali ndi malire ake ooneka bwino, m'mphepete muli timamba. Anawauza atsinzine, n'kumawakhudza ndi kathonje pabalapo, akufunsa ngati akumva. Ankamva paliponse. Kenaka anatenga kampeni kakang'ono n'kupala m'mphepetimo mopepuka, osatulutsa magazi, tifumbi toyera tikugwera pa kagalasi. Anadonthezapo mankhwala n'kukaika padera.

Podikira anati, "Tavulani nsapato." Achemwali anandiyang'ana ngati ndine ndawaneneza. Pakati pa zala za kumapazi panali posendeka, poyabwa, pamene anakhala akukanda ndi dzanja lomwelo kwa nthawi yaitali osauza munthu. Mapazi sagulitsa mandasi, ndiye ankaona ngati alibe mlandu.

Adokotala anasuzumira m'makina muja, kenaka anakodola a Esinati kuti adzaone okha. Anawerama, diso limodzi chotsinzina. Anati akuona tiulusi tanthambinthambi, ngati chuku cha pa buledi.

"Chimenecho ndi chipere, mayi. Chinayambira kumapazi. Mafuta aja anangochiveka zovala zina."

"Si khate?"

"Si khate. Kathonje kaja munkakamva paliponse. Ngakhale likanakhala khate, nalonso lili ndi mankhwala ake ndipo limachira. Koma ichi n'chipere."

Achemwali anasuzumiranso, nthawi yaitali ndithu. "Ndiye kameneka? Kameneka ndi kamene kandithamangitsira makasitomala?" Anaseka, kenaka misozi. Inenso ndinayang'ana kudenga kwakanthawi.

Pamenepo adokotala anapempha chinthu china. Anati iwo ndi anzawo akufufuza mmene chipere chimaonekera mwa anthu amene anadzola mafuta a mumsika, ndi mankhwala amene akuchiza bwino. Anati mabuku ambiri amene anaphunzira ali ndi zithunzi za khungu la azungu, pamene chipere chimafiira, koma pakhungu lathu chimatuwa kapena kuderapo. Ndiye ankapempha kujambula dzanjalo, popanda nkhope kapena dzina, kuti ophunzira za udokotala azionera pakhungu longa la odwala awo. Anatsindika kuti akakana, chithandizo alandirabe chimodzimodzi.

A Esinati anaganiza pang'ono, n'kuyala dzanja patebulo.

"Jambulani. Koma mukawauze anawo kuti mwini wake amadzola. Ndi lero lokha."

Anapatsidwa mapiritsi oti amwe masabata angapo osadumphitsa, ndi mankhwala opaka oyenera, kumapazi komwe. Anauzidwa kuti azipukuta bwino pakati pa zala, ndipo asasiye mankhwala kuyabwa kukangotha. Anamvera zonse ngati mwana wa kalasi yaubatizo. Pobwerera kukaonedwanso, dzanja linali losalala, mtundu wake ukubwerera. Makasitomala sanabwere tsiku limodzi, ayi. Anayamba ndi akabaza omwe aja amene anaona dzanjalo lili mbuu. Ena anatsatira, mpaka Lachitatu lija ine kusowa mandasi.

Chimene chandikhala mumtima n'chakuti ife timapita kuchipatala kukaoneka bwino, osati kukaonetsa matenda. Dokotala akafunsa kuti "Muli bwanji?" timayankha kuti "Ndili bwino," titabwera chonyamulidwa. Machubu timasiya kunyumba. Za mphini zimene anatitema kumudzi sitinena. Mwana wa zipere kumutu timamumeta mpala, kumupaka mafuta, kumuveka chipewa, kenaka n'kumadabwa kuti adokotala sakuona kanthu.

Ndi ulemu, ndikudziwa, ndipo ulemu wathu ndimaukonda. Sindikunena kuti tizipita kuchipatala osasamba, a namwino angandithamangitse m'tauni muno. Koma matenda a pakhungu ndi okhawo amene amadzionetsa okha, pabwalo, osafuna kung'amba munthu. Ndiye ife, ndi mwala ndi gilisalini, timafufuta umboni wonse m'mawa wa tsiku la mlandu.

Nanga timachubu timeneti, tamphamvu chonchi, timapezeka bwanji pamphasa pakati pa mabatire ndi zipeso? Wogulitsayo sadziwa zili m'katimo, wogula sadziwa. Amadzadziwa ndi dokotala, khungu litapyapyala kale. Amene ntchito yawo ndi kuyang'anira mankhwala, kodi mumsika simudutsamo?

Ndibwerere pa Chinamwali. Nditamaliza kuseka, mayi uja wa gilisalini anadutsa akuchokera kuchigayo. A Esinati anamutambasulira dzanja lonse, chikhatho chotsegula, osati mkono. Anagwirana chanza nthawi yaitali, chokhala ngati sichitha. Dzanjalo linkanyezimira, poti achemwali abwerera ku mafuta awo, ndipo akudzola ngati akubweza ngongole.

Bambo wa kabaza uja anali atakhala pa njinga yake akutafuna ndasi lomaliza, limene likanakhala langa, kwinaku akukanda pakhosi pamene anakweza kolala. Achemwali anamuyang'ana kamodzi kokha.

"Akulu, tsitsani kolalayo ndione. Mwakhala mukupakapo chiyani?"

"Kachubu kenakake, amayi. Kamathandiza."

"Kasiyeni. Mupite kuchipatala, akapale aone okha. Ine si dokotala. Koma tsiku lopitalo musadzadzole."

Bamboyo anatulutsa maso. "Ndipite wotuwa?"

"Mbuu," anatero achemwali, akusenza ndowa yawo yopanda kanthu.

Nanga inu amene mukuwerenga nkhaniyi ndi dzanja limodzi, linalo mwalibisa m'thumba, mudzola mpaka liti?