Matayala a Nyumba ya Alamu Anga

Anthu amati ine Carla ndimachitira nsanje mng'ono wanga Vânia. Eya, ndimachitadi, nanga ndibise chiyani? Inunso mukanachita mukanaona nyumba imene alamu anga a Zito anamukonzera. Ndati nyumba, koma inali basi. Basi yeniyeni, yomwe kale inkanyamula anthu ndi matumba a nsomba pakati pa Mandimba ndi Cuamba.

A Zito anabadwira ku Malawi makolo awo atathawirako nkhondo, nabwerera kuno ali pamsana. Bambo awo anali mkamwini kumudzi kwa mayi awo ku Ngauma. Anamanga nyumba kumeneko, anadzala nthochi ndi mango, koma banja litatha anawatulutsa ndi bulangeti ndi khasu basi. Nyumba inatsala, monga mwambo umanenera. A Zito anaona bambo awo akugona m'makonde a eni mpaka imfa, ndipo chinthu chimenecho chinawakhala pamtima. Atakula anayamba ntchito yoitanira anthu pa chapa, timinibasi tathu takuno, kenako anakhala motorista, woyendetsa basi. Basi yomwe ankayendetsa itafa, mwini wake anagulitsa injini kwa munthu wa chigayo, chigoba n'kuchitaya kuseri kwa merikado, msika wathu. A Zito anagula chigobacho.

Atakwatira Vânia, amalume athu a Yesaya, omwe ndi eni mbumba, anawalozera malo pansi pa mtengo wa mango kuti amange. Tinkadikira njerwa. M'malo mwake tinangomva thirakitala ikubuma, ikukoka chibasi chadzimbiri chopanda magalasi ena, nkhuku zikuthawira uku ndi uku. Ndinaseka mpaka nthiti kupweteka.

"Alamu, kodi mwatibweretsera khola la mbuzi?" ndinawafunsa.

"Mbuzi yake ndi ine, alamu," anatero akuseka. Munthu uja sankapsa mtima, ndipo zimenezo zinkandinyansa kwambiri.

Ndinaseka msanga, ine. A Zito anazula mipando yonse, n'kusiya iwiri ya kutsogolo ndi wautali wa kumbuyo uja. Wa kumbuyowo anauwonjezera matabwa, unakhala bedi. Kudenga anakhomako mphasa kuti malata asamawotche, pamwamba n'kufolera udzu ngati nyumba ya munthu. Mashelefu oikamo katundu wa apaulendo anasanduka oikamo mbale ndi makapu, ndipo anamangako chingwe m'mphepete kuti kanthu kasagwe. Chitsulo chija anthu oimirira amagwirira chinakhala chopachikapo zovala. Mmene munali injini anaikamo udzu, nkhuku zinayamba kuikira mazira mmenemo. Kunja anapaka utoto wabuluu womwe anapempha kwa okonza mabwato ku nyanja ya Amaramba.

Zonsezi ndikanazipirira. Chomwe chinkandidya ndi mawu amodzi okha. Nyumba yanga ili pafupi, ndiye ndinkamva zonse ndikutsuka mbale.

"Vânia, galasili tiike pati?"

"Vânia, tabwera uone, bedili lakutalikira kapena?"

"Vânia, pa zenera ili ukufuna kapulana yachikasu kapena ya maluwa ija?"

Vânia, Vânia, Vânia, tsiku lonse! Galasi loonera kumbuyo lija analitsitsa mpaka lifanane ndi msinkhu wake, kuti azidziona bwino akamaluka tsitsi. Makatani anasoka okha a Zito, mwamuna wandevu zake, singano ili kukamwa, akuyeza zenera lililonse ndi chikhatho. Mwana wawo Mwawi atabadwa, anamumangira kapulana, chitenje chathu chakuno, pa chitsulo chija kuti azigonamo akulendewera. Atagula painelo ya magetsi a dzuwa, hutala ya basiyo inadzuka. Vânia akachedwa kudimba, mumangomva pipiii, iye n'kubwera akumwetulira, mudzi wonse ukudziwa kuti wina wamusowa.

Nanga ine? Amuna anga a António anandimangira nyumba ya njerwa zootcha, zipinda zitatu, malata onyezimira. Anthu odutsa amaiyamikira. Koma kuyambira maziko mpaka denga sanandifunsepo ngakhale pomwe khomo liyang'ane. Anamanga, anandipatsa kiyi, anapita ku Cuamba kukagula nandolo. Amabwera mwezi ukatha, nthawi zina mwezi umatha osabwera. Mazenera anga ndinkatchinga ndi matumba a feteleza.

Tsiku lina ndinalowa m'basimo kukapempha mchere. Munali fungo la sopo ndi mphasa zatsopano, kuwala kwachikasu kukulowa pa katani. Vânia anatsegula kabokosi ka kutsogolo komwe madalaivala amasungamo mapepala, n'kutulutsamo mchere. Ndinaulandira, maso ali pa zenera.

"Katani yachikasuyi ikuoneka ngati ya m'bara," ndinatero.

"Mana Carla, inu simusowa chonena," anayankha, osakwiya n'komwe.

Koma panali chinthu chimodzi chimene sindinali ndekha kuchiona. Loweruka lililonse a Zito ankatenga pampu ya njinga n'kupopa matayala onse, thukuta lili kamukamu. Ankachotsa miyala yotchingira, kukankha basi pang'ono kuti matayala asaole mbali imodzi, n'kubwezera miyala. Basi yopanda injini! Munthu wopopa matayala a nyumba yake akuganiza chiyani? Kuno mkamwini amakumba maziko kuti tidziwe kuti wakhala. Nyumba ndi ya mkazi ndi ana, mwamuna akachoka amachoka ndi thumba lake. Uyu akanangodzuka tsiku lina n'kukoka denga, bedi ndi mbale zomwe, mng'ono wanga n'kutsala pa mtetete ndi mwana m'manja.

Ndinapita nazo kwa amalume. Musandiyang'ane choncho, nkhaniyo inali yoona. Kuti ndinaiwonjezera tsabola, ndiye nkhani ina. A Yesaya ndi munthu wofatsa, wosakonda milandu, koma ndinawakhalira pakhosi mpaka anaitanitsa bwalo la pabanja pansi pa mango uja.

"Bambo Zito," anayamba amalume, akusisita mawondo, "sitikukuthamangitsani ayi. Nyumba yanu ndi yokongola, tonse tikuiona. Koma zulani matayalawo, muikhazike pa njerwa. Mwana wathu agone podziwa kuti denga lake silidzayenda."

A Zito anayang'ana amalume. Kumwetulira kuja kunali kutachoka.

"Amalume, ndipempheni china," anatero. "Ndikulimirani munda wonse, ndikufolererani nkhokwe. Koma bambo anga anafera pa khonde la munthu wina, nyumba yomanga okha ili chiimire. Matayala aja sindingazule."

"Mwamva?" ndinalumphira ine. "Mlendo ndi mame! Akudikira tsiku loti anyamuke!"

Amalume anandikwezera dzanja kuti ndikhale chete, koma mawu anali atatuluka kale. Anagamula kuti mvula isanagwe matayala achoke, apo ayi basi ichoke. Vânia sanafunsidwe kanthu. Anangokhala pa mphasa akuyamwitsa Mwawi, maso ali pansi. Tonse tinkadziwa mmene zimathera: mwamuna amagonja, kapena amapita yekha. Mkazi sachoka pa dothi la mayi ake popanda kupemphedwa chitengwa. Ine mumtima ndinkati aone, nayenso alaweko kugona yekha.

Masabata anadutsa, mitambo inayamba kusonkhana. Hutala inasiya kulira. Loweruka lina m'mawa ndikusesa pabwalo, ndinamva thirakitala ija ikubwera. A Zito anamanga tcheni kutsogolo kwa basi, anatulutsa nkhuku mu injini n'kuziika m'dengu, anachotsa miyala. Anthu anasonkhana, amalume nawo anafika ndodo ili m'manja. Vânia anaima pakhomo pa basi, Mwawi ali kumsana, mtolo wa zovala zake uli pansi. Ndinati eya, watulutsa zake.

A Zito anabwera pomwe anaima mkazi wawo. Sanayang'ane amalume, sanayang'ane ine.

"Vânia," anatero, "mnzanga wandipatsa malo ku Amaramba. Nyumbayi ndinkaikonzera iwe. Ukati itsale, itsala, ndizula matayala lero lomwe ndi manja angawa. Ukati ipite, ipita. Tiike pati?"

Mayo ine! Ngakhale pamenepo, pamaso pa mbumba yonse, ankafunsa iye. Munthu wokana amalume, wokana mwambo, anali wokonzeka kuzula matayala omwe ankawasunga pokumbukira bambo ake chifukwa cha liwu limodzi la kamtsikana komwe ndinkakasambitsa ine.

Vânia anayang'ana amalume, n'kugwada pang'ono.

"Amalume, mundikhululukire. Munafunsa aliyense kupatula ine. Matayala aja sanandisowetsepo tulo." Anatola mtolo wake, n'kuuponyanso m'kati. "A Zito, musazule kanthu. Tiyeni."

Anakwera, anakhala pa mpando wa kutsogolo uja, Mwawi pamiyendo. A Zito anagwira chiwongolero. Amalume anapatukira pambali ndi ndodo yawo. Basi itayamba kusuntha, mbale zikulira m'mashelefu, Vânia anamasula katani imodzi n'kundiponyera pa zenera.

"Mana, ya m'bara ija! Ndimadziwa kuti mumaifuna!"

Ndinafuna kumutukwana, koma ndinangoitola. Anapita, udzu wa padenga ukugwedezeka, hutala ikulira mpaka kumsewu. Pansi pa mango panatsala miyala inayi ndi dothi loyera lopanda udzu.

Ndimamva kwa ogulitsa nsomba kuti ali bwino. Akuti a Zito akonza khonde la bango, Vânia akuyanika usipa ndi matemba, ndipo matayala akupopedwabe Loweruka lililonse. Ndikamva zimenezo nsanje imandigwira ngati malungo. Mchere ndilibenso kokapempha, tsitsi ndimalukitsa kwa eni.

A António anabwera mwezi utatha. Anakhala pa mpando, nsapato osavula, maso ali pa foni, akufunsa mtengo wa nandolo kwa anzawo a ku Cuamba. Ndinatulutsa katani yachikasu ija, ndinaiyala pamanja, n'kuima patsogolo pawo.

"Bambo, iyi tiike pati?"

"Ikani pomwe mwafuna," anatero osadzutsa mutu. "Nyumba ndi yanu."

Ndinaipachika kuchipinda kwanga. Inasokedwera zenera la basi, ndiye pa langa imangofika theka. Theka linalo ndatchinga ndi thumba la feteleza.