Dzina la Kumapeto

Pa yunivesite ya boma ija panalibe munthu amene sankawadziwa a Dothi. Dzina lawo lenileni linalipo pa chitseko cha ofesi, koma kapepala kake kanafwifwa kalekale, moti ngakhale wobweretsa makalata ankangofunsa kuti, "A Dothi alimo?" Ankaphunzitsa za nthaka, ndipo nthakayo inkawatsatira kulikonse: m'zikhadabo, m'mphepete mwa nsapato, m'matumba a jekete momwe simunkasowa timajumbo ta dothi lofiira ndi lakuda. Akazi awo, omwe anali namwino pachipatala cha m'tauni, ankati madzi ochapira zovala za bamboyo ukhoza kudzalamo mbewu n'kukolola.

Lolemba lililonse m'mawa a Dothi ankaima kutsogolo kwa ophunzira mazana anayi a chaka choyamba, m'holo yomwe zokuzira mawu zake zinafa iwo asanayambe n'komwe ntchito. Kalasi imeneyi aphunzitsi anzawo ankaithawa ngati mliri. A Dothi ankatulukamo mawu atasasa, n'kumwa madzi pampopi wa pakhonde, kenako n'kulowera ku labu kukasefa dothi ndi ophunzira a digiri yachiwiri mpaka dzuwa kupendeka. Ofesi yawo inali kumapeto kwa khonde, moyandikana ndi kachipinda kosungira matsache.

Tsono yunivesite ili ndi lamulo lake. Mphunzitsi watsopano amayesedwa zaka zisanu ndi chimodzi, kenako amapereka fayilo ya ntchito zake ku komiti. Komiti ikakhutira, amamukhazikitsa pa ntchito mpaka adzapume ndi ukalamba. Ikapanda kukhutira, amamupatsa chaka chimodzi cholongedza, n'kubweza makiyi a ofesi ndi a nyumba. Zoyang'ana zimakhala zambiri, koma chachikulu ndi mapepala a kafukufuku osindikizidwa m'magazini a akatswiri. Pamwamba pa pepala lotere pamandandalikidwa mayina a onse amene anagwira ntchitoyo, ndipo woyambirira ndi amene amatengedwa ngati mwini wake. Lamulo linkafuna mapepala atatu omwe dzina la mwini fayilo lili koyambirira.

A Dothi anali ndi mapepala khumi ndi anayi. Dzina lawo linali koyambirira pa awiri okha. Pa enawo linali kumapeto kwenikweni, kumbuyo kwa mayina a ophunzira awo.

Sikunali kuiwala ayi. Ali mnyamata anakumba maenje zaka ziwiri m'minda ya anthu, akugwirira ntchito pulofesa wina wotchuka. Pepala litatuluka anathamangira nalo kwa mayi awo, omwe kuwerenga sankatha koma zilembo za dzina la mwana wawo ankazizindikira. Mayiwo anayendetsa chala pamwamba pa tsambalo kawiri konse, kenako anafunsa kuti, "Kodi wabweretsa pepala lolondola, mwanangu?" Dzinalo linali pansi pa tsamba lomaliza, m'timalemba ting'onoting'ono tothokoza, pamodzi ndi la dalaivala. Zinawapweteka kwambiri a Dothi, ndipo analumbira kuti akadzakhala ndi ophunzira awoawo, wokumba dzenje ndi amene azidzayambirira.

Tinene zoona, buku la malamulo anapatsidwa tsiku loyamba ntchito. Linawathandizanso kwambiri, chifukwa zaka zonsezo ndi limene linkachirikiza mwendo waufupi wa tebulo lawo. Munthu wodziwa kuwerenga dothi ndi zala sanawerengeko tsamba limodzi lonena za mawa lake.

Lachiwiri lina, kutatsala masiku atatu kuti mafayilo atsekedwe, mkulu wa dipatimenti anawaitana. Mkuluyu ankatchedwa a Tayi, chifukwa ngakhale kumunda woyeserera mbewu ankapita atamanga pakhosi. Sanali munthu woipa, ndipo a Dothi ankawakonda. Anatseka chitseko, n'kuika fayilo ija pa tebulo.

"Achimwene, mwatani kodi? Ndawerenga katatu. Awiri. Awiri basi!"

"Khumi ndi anayi," anatero a Dothi.

"Komiti siwerenga choncho. Enawa mwangoperekeza anzanu." A Tayi anatsitsa mawu. "Ndikutsineni khutu. Pepala la mayi wa njinga uja alivomera, si choncho? Silinasindikizidwe. Kalata imodzi yosainidwa ndi nonse awiri, mayina asinthana malo, inu mwakwanitsa atatu. Lachisanu masana zonse zatheka."

"Ntchito ndi yake ija."

"Aliyense amatero, achimwene. Ine ndinatero. Inuyo mukufuna mukhale mngelo pa khonde lino?"

Mayi wa njingayo anali wophunzira wawo, yemwe anzake ankamutcha Wanjinga. Anasiya uphunzitsi wa ku pulayimale ali ndi zaka makumi atatu ndi mwana mmodzi, n'kubwerera pa desiki. Zaka ziwiri anapalasa njinga yakuda kuzungulira minda ya alimi, akubwera ndi matumba a dothi pa kaliyala, nkhope ili mbuu. Pa nthawiyi n'kuti akupempha mwayi wokapitiriza maphunziro kunja, ndipo kumeneko nako ankafuna pepala limodzi lomwe dzina lake lili koyambirira. Pepala linali limodzi, olifuna awiri.

Lachitatu m'mawa a Dothi anawafotokozera akazi awo, omwe ankasita yunifolomu yawo yoyera. Mayiwo anaimika simbi, n'kuwayang'ana bamboyo kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Abambo, mukuti tichoka m'nyumba muno chifukwa cha mzere wa mayina?"

"Sindinanene kuti tichoka."

"Nanga mwanena chiyani? Ana a eni ake mwawakweza khumi ndi awiri. Wanuyu mudzamuuza chiyani?" Analoza pa felemu ya chitseko cha kukhitchini, pomwe panali timizere ta pensulo tosonyeza msinkhu wa mwana wawo wamkazi chaka ndi chaka. "Ine ndimakudziwani, mtima wanu ndi wabwino. Koma mtima wabwino sakhomapo malata. Kamodzi kokha, abambo, dziganizireni."

A Dothi anaimirira. Anatenga jekete n'kutuluka, tiyi osamwa.

Lachinayi masana Wanjinga anagogoda pa ofesi. M'manja munali kalata yotayipa kale, iye atasaina kale pansi. A Tayi anali atalankhula naye.

"Sainani, aphunzitsi. Ine ndidzayesanso chaka china."

"Malire a zaka zakubadwa akulolani chaka china, mayi?"

Wanjinga anayang'ana pansi. Onse awiri ankadziwa kuti ayi.

A Dothi anatenga cholembera, ndipo tisawanamizire ungwazi: anafunitsitsa kusaina. Mtima unayamba kuwawerengera zifukwa. Anakonza ziwerengero zija ndani? Anabweza pepalalo kasanu ndi inki yofiira ndani? Anamuphunzitsa mayiyu kugwira sefa ndani? Anaona felemu ya chitseko ija, anaona nkhope ya akazi awo. Cholembera chinafika pa mzere. Kenako maso awo anagwera pa mutu wa pepalalo, ndipo anafunsa funso lomwe iwonso sanalikonzekere.

"Dzenje la nambala seveni lija, lomwe linatisokoneza ziwerengero, munapezamo chiyani?"

"La kwa mayi wamasiye uja? Munali chulu chakale pansi pake, aphunzitsi. Ndinakumba katatu chifukwa mvula inkangoligumula. Tsiku lachitatulo ndi pomwe galu wawo anandiluma apa." Analoza pa katumba ka mwendo, akuseka pang'ono.

"Ine dzenjelo sindinalione n'komwe," anatero a Dothi. Anatseka cholembera, napinda kalatayo pakati, n'kumubwezera.

Wanjinga anapsa mtima, misozi ili mbwembwembwe. "Ndiye mukufuna ndiziyenda ndi mlandu umenewu moyo wanga wonse? Anthu azidzati anachotsetsa ntchito mphunzitsi wake!"

"Mlandu ndi wanga, mayi. Amene sanawerenge buku ndine. Pitani mukatumize pepalalo momwe lilili."

Komiti inakumana patatha miyezi iwiri. A Tayi anawamenyera nkhondo, anatchula za ophunzira mazana anayi, anatchula za ana khumi ndi awiri aja. Anthu a m'komitimo anagwedeza mitu mwachisoni, ena mwa iwo mochokera pansi pa mtima, kenako wapampando anafunsa kuti mapepala ndi angati. Kalata yomwe inabwera inali yaulemu kwambiri. Inathokoza a Dothi chifukwa cha ntchito yawo yotamandika, kawiri konse, isanafike pa tsiku lobweza makiyi. Chaka chomwecho yunivesite inasindikiza kabuku konyadira kafukufuku wake, ndipo mapepala khumi ndi anayi aja anali momwemo onse, osasowapo ndi limodzi lomwe.

A Dothi ndi banja lawo anasamukira ku nyumba ya lendi kutsidya kwa tauni, ulendo wa maminibasi awiri. Akazi awo anatha masabata awiri akungolankhula zofunika zokhazokha, monga kuti madzi atentha kapena kuti mchere watha. Koma tsiku losamuka a Dothi anawapeza atagwada pa chitseko cha kukhitchini ndi tepi yoyezera, akulemba m'kope kutalika kwa kamzere kalikonse. Atafika ku nyumba yatsopano, katundu asanamasule n'komwe, mayiwo anajambula timizere tonse tija pa felemu ina.

"Musaganize kuti ndakukhululukirani," anatero, pensulo ili kukamwa. "Gwirani tepiyi bwino, mukupendeketsa."

Chodabwitsa, kapena mwina chosadabwitsa, n'chakuti kalasi ya Lolemba ija inasowa woitenga. Yunivesite inawaitananso a Dothi kuti aziphunzitsa ngati waganyu, wolipidwa pa ola. Holo inali yomweyo, zokuzira mawu zakufa zomwezo, koma ofesi analibe. Mayi wosesa pakhonde anawamvera chisoni n'kuwapatsa shelefu imodzi m'kachipinda ka matsache, ndipo mayeso a ophunzira ankachongera pa benchi ya panja. Sankadandaula pa anthu, koma kunena kuti sizinkawawa likhala bodza. Masiku ena, ali m'minibasi yachiwiri, ankadzifunsa ngati sanangokhala chitsiru.

Patapita zaka zisanu Wanjinga anabwerera ali dokotala wa za nthaka. Yunivesite inamulemba ntchito, n'kumupatsa nyumba komanso ofesi ya kumapeto kwa khonde ija, tebulo lake lomwelo. Nayenso anayamba zaka zake zisanu ndi chimodzi zoyesedwa. Akakumana ndi a Dothi ankawalandira chikwama, iwo akukana, ndipo ankawauza kuti azikhala mu ofesimo nthawi ina iliyonse. A Dothi sankalowamo. Ankati sakufuna kudetsa pansi.

Chaka chachiwiri chili kumapeto, Lolemba lina a Dothi atatuluka m'holo, anaima pa bolodi ya zidziwitso pomwe amakhomapo mapepala ongotuluka kumene. Panali pepala latsopano la nthaka ya m'madambo. Anawerenga mayina. Loyamba linali la mnyamata wina wa digiri yachiwiri. La Wanjinga linali kumapeto.

Anawerenganso mayina aja kachiwiri. Anazula pepalalo pa bolodi, n'kuyenda mofulumira mpaka kumapeto kwa khonde, ndipo kwa nthawi yoyamba analowa mu ofesi ija osagogoda. Ulemu wa "mayi" uja unathera pakhomo.

"Mwana iwe! Buku la malamulo unawerenga?"

"Ndinawerenga, aphunzitsi. Lili apo pa shelefu. Pansi pa tebulo ndinaikapo njerwa."

"Uli nawo angati oyambirira iweyo?"

"Limodzi."

"Limodzi! Zaka zatsala zinayi, uli ndi mwana ku sekondale, ndiye ukuchita zimenezi? Sukundiona ine? Ukufuna shelefu ya matsache? Ilipo imodzi yokha, ndikuuziretu!"

Wanjinga anawasiya mpaka mpweya unawathera. Kenako anayankha motsitsa.

"Maenje ake sindinawaone, aphunzitsi."

A Dothi anawazindikira mawuwo: anali awo omwe. Anachita mantha chifukwa cha mwanayu, mantha enieni, oposa omwe anachita pa tsiku la kalata yawo. Koma pansi pa manthawo panali chimwemwe chomwe sanathe kuchibisa, ndipo funso la m'minibasi lija linangosungunuka. Anayang'ana kuwindo kanthawi, akupukuta m'maso ndi chala chadothi. Kenako anavula jekete, naikoleka pa msomali womwe anakhoma okha zaka zapitazo, n'kukoka mpando.

"Tulutsa makope ako onse a kunja kuja. Maenje amene unakumba wekha. Mapepala awiri atuluka m'menemo, ako ako, ndipo tiyamba lero lomwe. Iwe uzilemba, ine ndizibweza ndi inki yofiira. Nyumba imeneyo sutulukamo ine ndili moyo."

Wanjinga anatsegula kabati, n'kutsitsa mulu wa makope othimbirira. Atawaika pa tebulo anafunsa, osawayang'ana kumaso, "Nanga dzina lanu tidzaliika pati?"

"Ukufunsa dala," anatero a Dothi, akutsegula kope loyamba.