Matepi anu achita chuku

Atate ake Mwai, dzulo kunabwera mzimayi wa ku Nangongwe. Akuti atate ake ndi mmodzi mwa anthu amene munawajambula pa geti la fakitale, zaka zija makampani ankagulitsidwa, anthu n'kumachotsedwa ntchito. Anamwalira osasiya chithunzi ngakhale chimodzi, ndiye mzimayiyo akufuna ana ake aone nkhope ya agogo awo, amve ndi mawu awo. Atapita ndinatsegula bokosi lanu lachitsulo lija. Matepi apansi onse, kuphatikizapo tepi ya pa fakitale ija, achita chuku, ayera mbuu.

Mukukumbuka tsiku lija ndinakukalipirani chifukwa cha makala? Ine ndikufuna kuphika nshima, mbaula ili zii, inu mwatenga makala onse, mwakulunga m'nyuzipepala n'kuika pakati pa matepi, ati amayamwa chinyontho cha kumtsinje. Ndinati, "Tidya mavidiyo lelo?" Munaseka, kenako munati, "Amake Mwai, anthu awa anawataya kale kamodzi. Ife tisawatayenso." Chimwalirireni inu, makalawo ndimasintha dzinja lililonse, koma zaoneka kuti sanakwanire. Mwai wapeza munthu ku Lusaka wosamutsira mavidiyo pa kompyuta, koma akuti tepi yachuku itha kuduka ikangoyamba kuzungulira. Ndikaisiya, chuku chiimaliza. Ndikaipereka, mwina ndikhala ndaidula ndekha. Inu matepiwa munkawadziwa ngati ana anu, ine ndimangodziwa makala basi. Mzimayi uja abweranso Loweruka ndi ana ake, inu ba Phiri mwamuna wanga. Ndidzawauze chiyani?