Bowo la pa baji ya a Jenerale

Ntchito yanga yoyamba ku Dubai anandipezera ndi msuweni wanga Fanuel, amene ankalondera nyumba zosungiramo katundu ku Al Quoz. Moyang'anizana ndi geti lake panali shopu yopanga mafulemu, ndipo tsiku lina anamva mwini wake akudandaula kuti akusowa munthu wodziwa kugwira singano. Anandiimbira foni ndili pakhonde la sitolo ku Ntcheu, pomwe ndinkasoka ndi makina opalasa.

"Asuweni, asiyeni mayunifolomu a ana asukuluwo. Kuno kuli vakansi, ndipo ndawauza kale kuti ndinu katswiri. Musadzandichititse manyazi."

Ndinabwera mtima uli dyokodyoko, koma njira yonse ndinkadzifunsa kuti telala akatani m'shopu ya matabwa ndi magalasi. Ndinazimvetsa tsiku loyamba lomwe. Kuwonjezera pa mafulemu a zithunzi, shopuyo inkapanga mabokosi a galasi oikamo zinthu zachikumbutso monga jezi ya mpira, kansapato koyamba ka mwana kapena mamendulo. Zinthu zotere sizimatidwa ndi guluu chifukwa guluu amawononga nsalu. Zimasokeredwa pa bolodi lokutidwa ndi veleveti, ndi singano yokhota ndi ulusi wa nayiloni wosaoneka ndi maso. Apa m'pamene panali ntchito yanga, ndipo ndinaikonda kwabasi.

Mkulu wathu anali bambo wachikulire wa ku Pakistan amene tonse tinkawatchula kuti a Ustadi. Malamulo awo anali ochepa koma osapindika. Katundu wa kasitomala umamugwira utavala magolovesi oyera. Chinthu chikangofika umachijambula kutsogolo ndi kumbuyo. Madzi asayandikire patebulo. Anandipatsa miyezi itatu yoyeserera, ndipo anandiuza mosabisa kuti ndikalakwitsa chachikulu, khalas, zatha, ndikwera ndege kubwerera kwathu.

M'mwezi wachitatu a Ustadi anatiuza kuti kubwera mkulu wa asilikali a ku America, jenerale wa nyenyezi zitatu amene anali atapuma ntchito ndipo ankakhala ku Dubai komweko. Ine chisangalalo chake! Ndinasita malaya kawiri. Ndinkayembekeza chimphona cha mawu ngati bingu, koma pakhomo panalowa bambo wamfupi wadazi, atavala kabudula ndi masandasi, atanyamula chitini cha mabisiketi.

Anatsegula chitinicho n'kuyamba kuyala zinthu pa veleveti yekha, kuchokera kumanzere kupita kumanja, akufotokoza. Kachitsulo kagolide koyambirira kanali ka ulefutenanti, nthawi imene ankati akudziwa zonse pomwe sajeni wake ndi amene ankamusunga. Panatsatira timapiko tasiliva tosonyeza kuti anaphunzira kudumpha m'ndege ndi parachuti. Kenako mamendulo a kunkhondo ya m'chipululu, kabaji ka zaka zimene ankaphunzitsa pasukulu ya asilikali, ndi ena amene anangowakankha ndi chala n'kunena kuti, "Awa ndi a nthawi imene ndinkamenyana ndi mapepala kulikulu." Kumapeto anaika nyenyezi zitatu. Moyo wa zaka zoposa makumi atatu unakwana patebulo limodzi, ine ndili kukamwa yasa. Bokosilo linali lopita kwa mwana wawo wamkazi, ndipo a Jenerale amanyamuka nalo Lachinayi la sabata yotsatira.

Panalinso kambendera ka America ka nsalu kamene nyenyezi zake zinali kumanja m'malo mwa kumanzere. Ndinalephera kudzigwira.

"Pepani bwana, mbenderayi anaisoka motembenuza. Ndikupezereni ina?"

A Jenerale anamwetulira n'kundiuza kuti ya paphewa lamanja imakhala choncho dala, kuti izioneka ngati ikuuluka msilikali akupita kutsogolo. Iwo sanakhumudwe, koma atangotuluka a Ustadi anandiyang'ana ndi diso lofiira, ndipo anzanga odula magalasi anandiseka sabata yonse, akumandichitira sawasha ndikamadutsa. Manyazi anandigwira. Ndinalumbira kuti sindidzafunsanso kanthu.

Pakati penipeni pa zinthu zonse a Jenerale anali ataikapo baji yansalu ya paphewa, yobiriwira mosuluka, ndipo sananenepo chilichonse za iyo. Inali ndi bowo lolowa kachala kakang'ono, m'mbali mwake modera. Ine ndinaweruza kuti ndi njenjete, kapena khoswe wa m'chitini. Tsono kwathu telala sabweza chovala chili ndi bowo, ngakhale mwini wake asalitchule. Umalitseka mwakachetechete, munthu akafika kunyumba n'kudabwa, ndipo mawa amabweretsa mnzake. Ndinaona kuti mwayi wofafaniza manyazi a mbendera aja ndi umenewu.

Tsiku langa lopuma ndinapita kumsika wa Naif, n'kulowa sitolo ndi sitolo mpaka nditapeza ulusi wa mtundu wosuluka womwewo. Masiku awiri pa nthawi ya nkhomaliro, anzanga atatuluka, ndinkaluka bowolo. M'mbali modera muja ndinangopindira kunsi, n'kudutsitsa ulusi chopingasa ndi choongoka mpaka nsalu inabwerera. Kunena zoona, sindinasokepo bwino chomwecho chibadwire. Ngakhale a Ustadi, poyendera bolodi lonse, sanaone kuti pasintha kanthu.

Lachinayi m'mawa a Jenerale anabwera kudzaona ntchito tisanatseke galasi. Ndinaima pambali manja kumbuyo, mtima ukuvina. Anayang'ana kuchokera kumanzere akugwedeza mutu mokhutira, ndipo atafika pakati anaima. Anatulutsa magalasi a maso n'kuwerama.

"Bowo langa lili kuti?"

"Ndakonza, bwana," ndinatero monyadira.

A Jenerale anakhala pampando wodulirapo makatoni ndipo sanakweze mawu. Anati ali kaputeni, galimoto imene anakwera inaponda bomba. Kachitsulo ka bombalo kanaboola bajiyo n'kulowa m'mkono mwawo. "Tinalimo anayi, tinatuluka awiri. Nyenyezizi anandipatsa ndi anthu a m'maofesi. Chomwe ndimafuna kuti mwana wanga aone ndi bowo lija."

Ndinachita mantha ndi ntchito, inde, koma chinandipweteka kwambiri n'chakuti ndinali nditafufuta chinthu chimene munthu anachisunga moyo wake wonse. A Ustadi anapepesa kangapo, kenako anatembenukira kwa ine.

"Khalas. Tenga chikwama chako."

Sindikudziwa kumene ndinatenga mphamvu. Ndinawauza kuti sindinadule kanthu, nsalu yakale yonse ilipo kunsi, ndipo chithunzi cha tsiku loyamba chili m'foni. Ndinapempha kuti andilole ndimasule. A Jenerale anayang'ana wotchi n'kunena kuti abweranso folo koloko, popita ku bwalo la ndege.

"Yalla, yamba msanga," anatero a Ustadi. "Ukang'amba, usandiyang'anenso."

Ndinasomola bajiyo pa bolodi n'kuigoneka pa pepala loyera pansi pa nyale. Kumanzere ndinaika foni, chithunzi chitakulitsidwa. A Ustadi anandibwereka galasi lawo lokulitsira zinthu, lomwe sankalola munthu kuligwira. Ulusi wanga uliwonse ndinkaunyamula ndi nsonga ya singano, n'kuudula pakati ndi lezala, n'kukoka zidutswa ziwirizo ndi kapani kakang'ono. Vuto linali luso langa lomwe. Ndinali nditafananiza mtundu bwino kwambiri moti wanga ndi wakale sunkasiyana, ndipo ndinkauzindikira chifukwa watsopano umanyezimira pang'ono ukaupendeketsa pa kuwala. Nkhomaliro sindinadye. Fanuel anasuzumira pakhomo atamva mphekesera, ndipo nditamuyang'ana anangobwerera ku geti lake.

Cha m'ma thiri koloko ndinamva kanthu kakuti thu pansi pa singano. Ulusi umodzi wakale, wa m'mbali mowauka muja, unali utaduka. Unali waufupi ngati nsidze, ndipo munthu wina sakanazindikira. Ndinaugoneka pamalo pake, ndinafunyulula m'mbali monse modera, n'kusokeranso bajiyo pa veleveti. Bowo linali litabwerera.

A Jenerale atafika anawerama nthawi yaitali. Ndisanafunsidwe ndinaloza ndi singano n'kunena kuti, "Apa ndadula umodzi wanu, bwana. Sunali choncho."

Anandiyang'ana, kenako analowetsa kachala kawo m'bowomo pang'onopang'ono. Anati ndi lomwelo. Atatero anauza a Ustadi kuti pa ntchito yawo yonse ankaopa kwambiri msilikali wobisa cholakwa kuposa wolakwitsa, ndipo anapempha kuti galasi nditseke ndine. Ndinalipukuta mbali zonse ziwiri, ndinaliika, n'kukhoma timisomali takumbuyo. Atanyamula bokosi lawo anandigwira chanza mwamphamvu mpaka zala zinalira. A Ustadi sanatchulenso za chikwama. Anangoti galasi lawo lokulitsira lija ndilibweze pamalo pake, ndipo mwezi utatha anandisainira mapepala okhazikika.

Lero ndine amene ndimalandira katundu m'shopu muja. Zala zanga zautelala zimandiyabwabe ndikaona nsalu yong'ambika, koma manyazi ofunsa ndinasiyana nawo tsiku lija. Munthu akayala zinthu zake patebulo, ndisanavale n'komwe magolovesi, ndimaloza n'kumufunsa kuti, "Bowo ili ndi lanu, kapena ndi la njenjete?" Ambiri amaseka. Ena saseka, amakoka mpando n'kukhala pansi, ndipo ine ndimaika singano pambali.