Nyanja ya m'Botolo la Masiwiti

Botolo lija ndikadali nalo, ee, ndikadali nalo! Lagalasi, lamimba ngati mtsuko, kukamwa kwake kolowa dzanja mpaka m'chigongono. Lero muli mabatani ndi ulusi, adzukulu amalidutsa osaliyang'ana. Koma ine m'botolo limenelo ndinasungamo nyanja, nyanja yeniyeni yamchere, pakati pa Lilongwe.

Munali m'chilimwe chimene boma linkasamuka ku Zomba. Maofesi pa lole, mipando pa lole, anthu pa lole. Mayi anga ankaphikira banja lina la kumpoto, abwana a mu ofesi ya boma, adona awo ndi khanda lawo, ndiye abwana atasamutsidwa nafenso tinakwezedwa pamwamba pa matiresi ngati katundu. Tinatsikira ku Area 11. Mayo ine, fumbi! Ku Zomba unkadzuka phiri lili pamphuno, madzi akuimba m'ngalande. Kuno dothi lofiira psuu, nyumba zonunkha penti, timitengo tolekeza m'chiuno mwanga, mathirakitala kulira kuyambira m'mawa. Panalibe chokhazikika. Msewu umene wadutsa lero, mawa ukaupeza aukumba.

Ife tinkagona m'kachipinda ka kuseri. Tsiku lina ndikutsuka mbale ndinamva adona akuuza mayi kuti, "Kuno si ku Zomba, malo a mwana palibe. Mvula ikayamba abwerere kwa agogo ake." Mayi anangoti, "Ndamva, adona." Ine mbale inandipulumuka. Kubwerera ndekha, mayi kutsala? Kuyambira tsiku limenelo kumwamba ndinkakuyang'ana ngati mdani.

Sabata yomweyo anafika malume. Iwo ankagwira ntchito pa sitima yapamtunda ya katundu yopita mpaka kugombe la ku Mozambique, ndipo sankabwera chimanjamanja. Anatula chigubu cha madzi a m'nyanja yamchere chokulunga m'saka lonyowa n'kukhuthulira m'beseni. Mchenga woyera mbee, miyala ya ndere, tinkhono tamizeremizere, kanthu kena kofewa ngati duwa koti ukakakhudza kamadzifunya. Kenaka chigoba chimodzi chinadzuka n'kuyamba kuyenda ndi miyendo! Ndinakuwa, malume anaseka mpaka kutsokomola. Anati ndi kankhanu kopanda nyumba yakeyake, kamangolowa m'chigoba chilichonse chimene kapeza, ndipo anatola okha pamiyala ya kugombe madzi ataphwera. Atamva za adona anandisisita m'mutu. "Iwe wamisozi, kasunge aka. Kakafika mvula kali moyo, ndiye kuti nawenso tauni ino yakulandira."

Ankangocheza munthu uja, lero ndikudziwa. Koma mwana wamantha samva nthabwala. Ine mawu aja ndinawatenga ngati chigamulo cha kukhoti.

Botolo tinakapempha ku Old Town, kusitolo ya amwenye kumene mayi ankagulira adona mpunga. Mayi wa m'sitolomo anakhuthula masiwiti otsalira, imodzi anandiika m'manja, ndipo m'basi botolo ndinalifungatira ngati khanda. Malume asanapite anasiya malamulo awo: padzuwa ayi, madzi ofunda ayi, sopo ayi, chivindikiro ayi. Ndinaliika pakona, pasimenti pozizira, n'kulifunditsa saka lonyowa. Mpweya ndinkauzira ndi phesi la papaya, bwibwibwi, bwibwibwi, masaya mpaka kuwawa. Chakudya, kamutu ka usipa, kotsala ndinkavuula kasanawole.

Kusukulu yatsopano ndinali nditangodziwa kulemba dzina langa. Aphunzitsi ankati, "Mtsikana iwe, m'diresi mwako muli linthumbu?" Ndikanakhazikika bwanji? Diso lina pa bolodi, lina pa mitambo, mtima uli m'botolo. Belu likangolira, liwiro, fumbi koboo kumbuyo kwanga.

Ndiye kunatentha, ana inu, kunatentha! Madzi m'botolo anayamba kutsika, ndipo chigubu cha malume chinali chitauma kale. Ndinaganiza ndekha kuti za m'nyanja yamchere zimafuna mchere. Ndinatapa wa kukhitchini, kutakasa m'kapu, kuthira. Madzi akatsika, mchere. Akatsikanso, mchere. M'mbali mwa galasi munayera ngati mwapakidwa laimu. Duwa lija linadzifunya osatambasukanso. Tinkhono tinakwera mpaka kukamwa kwa botolo ngati tikuthawa moto, kenaka tinagwa kamodzikamodzi, n'kuyamba kununkha. Kankhanu kanalowa m'chigoba, zii. Ndipo cha ku Dedza mitambo inali itayamba kuda. Ndinasiya kudya. Ndinkangotuluka, kulowa, kutuluka, kulowa, phesi la papaya lili kukamwa.

Mayi botolo lija ankalitcha "zonyansa za malume ako", sankalicheukira n'komwe. Koma masana ena anandipeza ndikutakasa kapu yanga. Anaviika chala m'botolo, ananyambita, analavula.

"Iwe! Ndiwo zikauma pamoto umathiranso mchere? Amathawa ndi madzi, mchere sukwera kumwamba."

Anavuula tinkhono takufa n'kutsuka zigoba zake. Anatapako madzi owawa aja n'kutaya, anabweretsa a m'ndowa ogona dzulo, n'kumathira pang'onopang'ono. Kuthira, kulawa. Kuthira, kulawa, nkhope ili ngati akukonza msuzi wa alendo. Mpaka anati, "Apa. Ndi mmene analili tsiku loyamba." Ha! Kani analawa tsiku loyamba lija ine osaona! Anamanga ulusi wakuda kuzungulira botolo. "Akatsika apa, madzi okha. Wamva?"

M'mawa mwake kankhanu kanatulutsa ndevu. Kanayenda, kanagwiragwira chigoba china cha nkhono zakufa zija, kanasuzumiramo, kenaka tsomphu! Kanatuluka m'nyumba yakale, kumbuyo kuli kofewa, kamaliseche, n'kulowa m'yatsopano chobwerera. Ine nyimbo pomwepo, yopeka ndekha: wasamuka, wasamuka, sanafe, wasamuka! Ndimaiyimba mpaka lero ndikamasesa, adzukulu amati agogo zawayamba.

Mvula inafika madzulo ena ndi chimphepo, malata kulira, fungo la dothi kulowa mpaka m'mano. Ndinathamangira pakona. Kanali moyo! Kankakwera mwala, kakukoka nyumba yake. Ndisanatsirize kulumpha ndinamva adona akundiitana pakhonde. Ndinapita. Mayi anali ataima pakhomo la khitchini, manja atapinda m'epuloni.

"Utsala," anatero adona. "Takambirana ndi mayi ako. Uzilera mwanayu."

Anatenga khanda lawo n'kundiika kumsana, anandifunditsa chitenje chatsopano chonunkha kusitolo. Ine, chitenje chatsopano! Ine, kupatsidwa mwana wa abwana! Ndinavina pakhonde paja, ndinavina, khanda likuseka kumsana, madontho akundimenya m'mapazi. Mumtima ndinkathokoza kankhanu, kankhanu kanga kandiwombola, tauni yandilandira.

Ndipo ndinatsaladi. Ndinakulira m'fungo la mayi anga, mitengo ija inandipitirira msinkhu ndikuiona, ndipo sindidandaula, ayi, ndaseka zambiri m'tauni muno. Koma dzina langa lija ndi lokhalo limene ndimalemba mpaka lero.

Mayi tsiku lija sanavine. Anabwera, anamangitsa mfundo ya chitenje pachifuwa panga, anafunsa ngati sichikundipweteka. Kenaka analowa m'kachipinda kathu, anatenga diresi langa la sukulu ndi sileti, anazipinda pamodzi bwinobwino n'kuziika pansi penipeni pa sutikesi. Ine ndinkaona ngati akuzibisira mvula.